Makina otsukira galimoto akakana kulira, mverani chingwe musanamasule kabureta

Loweruka m'mawa ndi nthawi imene makina otsukira galimoto amakonda kuchititsa manyazi eni ake. Maminibasi awiri afola kale, wa Sienta akungoyang'ana wotchi, anyamata asungunula sopo m'ndowa, koma injini ingoti phu, phu, kenako zii. Wina akoka chingwe mpaka phewa kuwawa, n'kusiyira mnzake. Mphindi khumi zisanathe pamapezeka munthu woti, "Ndi kabureta imeneyo, bwana," ndipo sipanala ya 10 imatuluka m'thumba. Nthawi zina amakhala atalondola. Koma kawirikawiri kabureta imamasulidwa ili yosalakwa, tizitsulo take n'kumwazika pa simenti yonyowa, gasiketi n'kung'ambika, vuto limene linali limodzi n'kubala ana.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti makina amenewa ndi awiri omangiriridwa pamodzi. Injini yake ndi yomwe ija mumaipeza pa jenereta kapena pa pampu yothirira m'dimba: Honda GX160 ya 163 cc, GX200 ya 196 cc, kapena zofanana nazo zochokera ku China, zimene zimadziwika ndi nambala ya 168F ndipo zambiri zimalembedwa 6.5 HP pamimba. Kusiyana kuli kutsogolo kwa injiniyo. Pa makina ang'onoang'ono ambiri, pampu ya madzi imalowetsedwa mwachindunji pa shafuti, popanda lamba kapena kilatchi pakati. Ndiye mukakoka chingwe simukuzunguza injini yokha, mukupopanso madzi ndi dzanja lanu. Jenereta imalira ilibe katundu, mawaya mumalumikiza pambuyo pake. Makina otsukira amadzuka katundu ali kale pamutu.

N'chifukwa chake ndimati musanagwire sipanala, kokani chingwe pang'onopang'ono, osati mwaukali, mumve mmene chikubwerera m'dzanja. Cha injini yabwino chimabwera mofewa, chimalimba pang'ono pamene pisitoni ikupanikiza mpweya, n'kumasukanso. Chikamalimba ngati chamangidwa pa mtengo, kapena chikamabwera chopepuka ngati mukukoka ulusi, kabureta ilibe mlandu ndipo isiyeni.

Tiyambe ndi chingwe cholimba, chifukwa apa ndi pamene makina otsukira amasiyana ndi injini zina. Mukakoka koyamba injini osalira, pampu imakhala itakankhira kale madzi m'payipi. Mfuti yopopera ili yotseka, ndiye madziwo alibe kopita. Mukakokanso mumawonjezera ena pamwamba pake, ndipo madzi safinyika ngati mpweya. Pofika kachitatu chingwe chimakaniratu, kapena chimakutsompholani m'manja. Munthu amayamba kuwerengera ndalama za injini yatsopano, pomwe ndi pulesha chabe yotsekeredwa m'payipi. Mankhwala ake salira ndalama. Tsegulani madzi kaye, finyani mfuti mpaka madzi azituluka mosadukiza, osalavula mpweya, ndipo pitirizani kufinya pamene mukukoka chingwe. Ngati muli awiri, wina agwire mfuti ndi manja onse ataloza pansi, kutali ndi mapazi a anthu, chifukwa injini ikangogwira madzi amatuluka ndi mphamvu yoti n'kung'amba khungu. Kuchotsa kamlomo ka kumapeto kwa mfuti pa nthawi yoliza kumapepukitsanso chingwe. Makina ena amabwera ndi kavalavu kothandiza poliza, kamene kamalola madzi kuzungulira mpaka injini itagwira liwiro, koma kakadzaza dothi kamasiya ntchito osatsanzika, mwini wake n'kumadabwa kuti makina amene anali ofewa chaka chatha asanduka bwanji olimba chonchi.

Madzi azitsegulidwa injini isanalire, osati pambuyo pake. Pampu imadalira madzi omwewo kuti izizire, ndipo ikazungulira youma, ngakhale kwa kanthawi kochepa, mphira zake zimapsa. Pa ma car wash ambiri madzi amachokera m'thanki kapena mu dilamu, osati pa mpopi, ndiye thankiyo ikhale pamwamba kuposa pampu, payipi yake isapindike, ndipo kasefa ka polowera madzi kasatseke ndi ndere.

Mwafinya mfuti koma chingwe chidakali cholimba? Zimitsani switchi, masulani pulagi, phimbani bowo lake ndi kansanza, n'kukoka. Chingwe chikamasuka nthawi yomweyo, zamadzimadzi n'kuthovoka pa bowolo, ndiye kuti m'silinda munalowa oyilo kapena petulo, ndipo pisitoni imalephera kukwera. Izi zimachitika makina akanyamulidwa chogona, monga timachitira powakweza pa kabaza kapena m'buti ya galimoto, oyilo n'kuyenderera kumene sayenera kufika. Zimachitikanso kampopi ka petulo kakasiyidwa kotsegula pa msewu wa mabampu. Kasingano kotseka petulo m'kabureta kamadumphadumpha, petulo n'kumatsikira m'silinda, n'kudutsa m'mbali mwa pisitoni mpaka kukasakanikirana ndi oyilo. Mukapeza zoterezi nunkhizani oyilo. Akamanunkha petulo, kapena akachuluka kuposa mmene munathirira, mukhetseni yense, chifukwa oyilo wotere amakhala ngati madzi, sateteza chilichonse. Wosuta fodya akasutire kutali pamene mukuchita zimenezi.

Pulagi ili kunja chingwe n'kukanabe, onani kaye chivundikiro cha chingwecho, mabawuti atatu okha, chifukwa chingwe chimatha kudzipiringiza chokha m'katimo. Pamenepo pakakhala bwino, siyanitsani awiri aja. Pampu imamangidwa ku injini ndi mabawuti anayi. Imasuleni, muisolole, mukokenso. Injini ikazungulira momasuka, wolakwa ndi pampu: oyilo wake anatha, kapena inakhala nthawi yaitali madzi ali m'kati, makamaka madzi a pa mjigo amene amasiya zoyerayera zolimba ngati zija za m'ketulo. Injini ikakanabe pampu itachoka, nkhani yafika kwa makaniko, ndipo funso lake loyamba lidzakhala lakuti oyilo munathira liti.

Pali kulimba kwina kosiyana ndi kumeneku. Chingwe chimabwera bwino, kenako mwadzidzidzi chimagunda khoma kapena kubwerera mwaukali mpaka zala kuwawa. Injini zimenezi zili ndi kachitsulo pa camshaft kamene kamatsegula pang'ono valavu yotulutsa utsi pa nthawi yoliza, kuti kompuresheni ichepe, munthu athe kukoka. Mpata wa mavalavu ukakula chifukwa cha kutha, kachitsuloka sikakankhanso valavu mokwanira, ndiye dzanja lanu limalimbana ndi kompuresheni yonse. Pa GX200 mpata woyenera, injini ili yozizira, ndi mamilimita 0.15 ku valavu yolowetsa ndi 0.20 ku yotulutsa. Kuyeza kumafuna feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata, ndipo makaniko wa njinga zamoto wodziwa ntchito yake sangatenge theka la ola. China n'kakiyi kakang'ono kamene kamagwira flywheel, gudumu lolemera lija limene chingwe chimazunguza, pa shafuti. Injini ikaimitsidwa mwadzidzidzi, monga pampu ikagwira ili pa liwiro, kakiyiko kamatha kuduka, flywheel n'kusuntha, moto n'kumabwera pa nthawi yolakwika. Vuto limeneli limazunguza mutu, chifukwa pulagi imaonetsa moto wabwinobwino, petulo alipo, koma injini imangokubwezerani chingwe kapena kuphulika ku ekizozi.

Tsopano tinene kuti chingwe chikubwera bwino, injini ikuzungulira, koma sikugwira. Pali zinthu zochititsa manyazi kuzitchula, koma ndi zimene zimakola anthu ambiri. Switchi ili pa ON? Kampopi ka petulo n'kotsegula? Pa injini za mtundu wa GX, choke ili pamwamba, kampopi kali pansi pake pomwepo, ndipo munthu wofulumira amasuntha cholakwika. Choke imatsekedwa injini ikakhala yozizira, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi Julayi, n'kutsegulidwa pang'onopang'ono injini ikagwira. Injini yotentha siifuna. Kachitsulo ka liwiro, kaja kali ndi chithunzi cha kalulu mbali ina ndi fulu mbali inayo, kasakhale kwa fulu. M'nthano fulu ndiye amapambana, koma pano kasunthireni kwa kalulu.

Kenako oyilo. Injini ikhoza kukana kulira chifukwa cha oyilo wochepa, osati chifukwa yawonongeka, koma chifukwa inapangidwa kuti izikana. M'mimba mwake muli sensa imene a Honda amaitcha Oil Alert, ndipo makampani ena anatengera. Ndi kachinthu koyandama. Oyilo akatsika kupitirira mlingo, kamagwetsera moto wa koyilo ku thupi la injini, pulagi n'kukhala yakufa. Injini ya 196 cc imalowa oyilo pafupifupi malita 0.6 okha, mabotolo awiri agalasi a Fanta, ndiye kuchepa pang'ono kumakwanira. Ndipo pa car wash pali msampha wake: simenti imapangidwa yotsetsereka dala kuti madzi azipita mu ngalande. Makina akaima mopendekeka, oyilo amathawira mbali imodzi, sensa n'kuyesa watha. Mudzadziwa ndi kazimidwe kake. Injini imalira masekondi angapo n'kuzima ngati wina wadina switchi, popanda kutsokomola, kapena imalira bwino pakona iyi n'kukana pakona iyo. Ikani makina pamalo athyathyathya, mutsegule chitsekero. Oyilo afike m'milomo mwa bowo lothirira, ndipo poyeza ndi kamtengo ka pa chitsekerocho mumangokalowetsa, osazunguza. Woyenera ndi 10W-30, ndipo kumalo otentha SAE 30 amagwiranso ntchito. Buku la Honda limati asinthidwe pakatha maola 20 oyamba, kenako maola 100 aliwonse. Pa car wash yotanganidwa maola 100 amatha mwezi usanathe.

Pali chizolowezi chimene sindigwirizana nacho. Sensa ikavuta, ena amangodula kawaya kake, kaja kotuluka m'mbali mwa injini, kamene nthawi zambiri kamakhala kachikasu. Injini imalira, onse n'kuwomba m'manja. Kusolola kawayako kwa mphindi imodzi poyesa, oyilo mutamuona ndi maso kuti ndi wokwana, palibe vuto, ndipo ndiyo njira yodziwira ngati sensa yafa. Koma kukasiya choncho mpaka kalekale kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa amakudzutsani usiku.

Zonsezi zikakhala bwino, funsani pulagi, chifukwa ndiyo mboni imene inali m'kati. Kokani chingwe kasanu choke ili yotseka, mumasule pulagi, muione kumutu. Ikakhala yonyowa ndipo ikununkha petulo, petulo akufika, ndiye funani vuto ku moto. Ikakhala youma gwa, petulo sakufika. Funso limodzi limeneli limagawa ntchito yonse pakati.

Pulagi yonyowa nthawi zina imangotanthauza kuti injini yakhuta. Anthu anayi asinthana chingwe choke ili yotseka, petulo wadzaza, moto sungagwirenso. Pukutani pulagi, tsekani kampopi, kokani chingwe kangapo pulagi ili kunja ndi switchi ili pa OFF, mubwezere, n'kuliza choke ili yotsegula ndi liwiro lili kwa kalulu. Ikagwira itulutsa utsi wakuda kwa kanthawi, ndipo apo ndi pamene mutsegule kampopi.

Ikakanabe, yesani moto. Lowetsani pulagi m'chipewa chake, muigunditse ku chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, mutagwira pa mphira, mnzanu akoke chingwe switchi ili pa ON. Pa dzuwa moto suoneka, ndiye pangani mthunzi. Wabwino ndi wabuluu, wothetheka momveka. Wofiirira wofooka ukhoza kudumpha panja koma n'kulephera m'silinda, momwe mpweya wopanikizika umaulimbitsira njira, ndiye musakhutire chifukwa choti mwaona kamoto. Pulagi ya injini za GX zimenezi ndi NGK BPR6ES, za ku China zambiri zimabwera ndi F7TC kapena F7RTC, ndipo mpata wa kumutu kwake ndi mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Pulagi yapadera yodziwika kuti ndi yabwino, yosungidwa m'kabokosi pamalo ouma, imathetsa mkangano msanga kuposa kuyeza kulikonse.

Pulagi yatsopano ikakhalanso yopanda moto, pali kawaya kamodzi kopyapyala kochokera ku koyilo kupita ku switchi ndi ku sensa ya oyilo. Ntchito yake n'kupha moto. Kasololeni, muyesenso. Moto ukabwerera, koyilo ili bwino, ndipo vuto lili pa switchi, pa sensa, kapena pa waya amene wasupuka n'kumagunda chitsulo. Ukapanda kubwerera, onani mpata wa pakati pa koyilo ndi flywheel, umene umayenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.4, ndipo amakaniko ambiri amangoikapo kakhadi kopyapyala pomanga. Ukakhala bwino, koyilo yafa. Kumbukirani kubwezera kawayako musanalize injini, apo ayi switchi siizimitsa. Makina amenewa amakhala m'nkhungu ya madzi tsiku lonse, ndipo chipewa cha pulagi chikang'ambika, moto umathawira m'madzi osafika kumene ukufunika. Anyamata aukhondo amene amatembenuza mfuti n'kutsuka makina eni ake poweruka ndi amene amapezanso injini yosalira m'mawa mwake.

Tibwerere ku pulagi youma. Thirani petulo wosapitirira kasupuni ka tiyi m'bowo la pulagi, mubwezere pulagiyo, mukoke. Injini ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, yakuuzani zambiri: moto ulipo, ukubwera pa nthawi yake, kompuresheni ilipo. Yangokhala ndi njala. Apa ndiye mlandu wa kabureta ukhoza kuyamba, komabe musayambe n'kumasula zonse.

Pansi pa kabureta pali kambale kokhala ndi mabawuti awiri. Lapakati limagwira kambaleko, lopendekeka la m'mbali ndi lokhetsera. Masulani la m'mbalilo kampopi kali kotsegula, mukhetsere m'botolo loonekera m'kati. Petulo akamatuluka mosadukiza, njira yochokera ku thanki ndi yotseguka. Akamangodontha, onani kakapu ka zinyalala kali pansi pa kampopi ndiponso kasefa ka potulukira m'thanki. Kenako yang'anani botololo pa kuwala. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwino lomwe, ngati mmene mafuta ophikira amakanira kusakanikirana ndi madzi. Jeti, kachitsulo ka bowo laling'ono kodutsira petulo, imayamwa kuchokera pansi pa kambale, ndiye madzi ochepa chabe amakwanira kuti injini izimwa madzi m'malo mwa petulo.

Madziwo amachokera kuti? Ena amalowa pa chitsekero cha thanki mvula ikamagwa kapena makina akathiridwa. Ena amabwera ndi zigubu. Pa nthawi imene mafuta amasowa, anthu n'kumagona pa mzere pa filling station, ambiri amagula petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ndipo chigubu chimene dzulo chinatunga madzi sichiuma chokha. Palinso ethanol. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kuyambira pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito mu 1982, ndipo ya ku Chikwawa inabwera pambuyo pake. M'galimoto imene ikuyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mu mpweya, ndipo kathanki ndi kakabureta ka injini yaing'ono zimapuma mpweya wa kunja nthawi zonse. Chinyezi chikachuluka, madzi ndi ethanol zimagwirizana n'kutsikira pansi, n'kuyamba kudya chitsulo cha kambale.

Ngakhale popanda madzi, petulo amakalamba. Mbali yake yopepuka, imene imagwira moto msanga poliza, imauluka, zotsala n'kusanduka zomata ngati ulimbo. A Honda amachenjeza m'mabuku awo kuti izi zikhoza kuyamba m'masiku 30 okha. Makina a pa car wash yogwira ntchito tsiku ndi tsiku savutika nazo kwambiri. Amene amavutika ndi a pakhomo, kapena a pa famu ya nkhuku amene amangotulutsidwa potsuka makola gulu likagulitsidwa. "Anali bwinobwino pomwe tinkawasunga." Makaniko akangomva mawu amenewa, amadziwa kale chimene akapeze m'kambale.

Potsuka kabureta, tsekani kampopi, yalani nsalu yoyera, ndipo jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, makamaka mmene kawaya ndi kasipuling'i ka governor, kachipangizo kosunga liwiro la injini, zakolekedwera. Jeti yaikulu ili m'kati mwa mzati wapakati. Ndi yamkuwa, yofewa, ndiye sikuludiraiva ikhale yokwana bwino m'mpata wake, apo ayi mutu umafumbutuka, jeti n'kukanirira m'katimo. Pamwamba pake pali kapayipi kamkuwa kokhala ndi timabowo m'mbali, kamene kamatsika jeti ikachoka. Yang'anani chilichonse pa kuwala, bowo lililonse lionetse dzuwa. Cholakwa chachikulu n'kutokosa ndi singano kapena msomali. Bowo la jeti linayezedwa ku fakitale, ndipo mukalikulitsa silidzabwereranso. Injini idzakhala yomwa petulo ndi yodetsa mapulagi moyo wake wonse. Kaulusi kamodzi ka waya wamkuwa wa magetsi, mankhwala opopera otsukira kabureta ndi mpweya, n'zokwanira. Musaiwale jeti yaing'ono, imene pa makabureta a mtundu umenewu ndi kapulasitiki kakuda kolowetsedwa pamwamba, pansi pa sikuluu ya liwiro lotsika. Ikatseka, injini imalira mokwera ndi kutsika, ngati munthu wopuma wefuwefu.

Injini imene imalira choke ili yotseka n'kuzima mukangoitsegula ikunena nkhani yomweyi: petulo akufika wochepa, kapena mpweya ukulowera chakuba pa gasiketi yong'ambika pakati pa kabureta ndi injini. Anthu ena amazolowera kugwira ntchito tsiku lonse choke ili theka. Galimoto zimatsukidwa, inde, koma petulo akupita, pulagi ikuda. Kabureta ikadyeka m'kati mpaka kuchita zoyera ngati ufa, kugula yatsopano n'kwanzeru, ndipo za 168F sizivuta kupeza m'matauni. Koma thanki ikakhala ya dzimbiri ndi matope, yatsopanoyo idzatsekanso sabata isanathe.

Kachitsekero ka thanki nako kali ndi kabowo kopumira. Kakatseka, injini imalira bwino kwa mphindi zingapo, n'kufooka, n'kuzima, ndipo mukaisiya kanthawi imaliranso. Ikazima choncho masulani chitsekerocho. Mukamva mpweya ukulowa, mwamupeza.

Sefa ya mpweya ndi yosavuta. Fumbi la mu Okutobala likakumana ndi nkhungu ya madzi limasanduka matope, injini n'kumabanika. Chotsani sefayo kwa kamphindi, muyese kuliza, ikalira, mwadziwa. Chinkhupule chimatsukidwa ndi sopo n'kuumitsidwa bwino, chapepala chimangogwedezedwa kapena kusinthidwa, koma kugwira ntchito popanda sefa n'kudyetsa pisitoni mchenga. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndipo a Honda amati mphamvu ya injini imatsika pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera. Makina amene amalira mwamphamvu ku Nsanje amafookako akafika ku Dedza, pulagi yake imada msanga, ndipo choke safuna kuti ikhalitse.

Chingwe chopepuka chija n'chizindikiro choti kompuresheni yathawa. Masulani pulagi, tsekani bowo ndi chala chachikulu, wina akoke switchi ili pa OFF. Injini yabwino imakankha chalacho. Ikapanda kutero, tsegulani chivundikiro cholembedwa OHV, muone ngati mavalavu onse awiri akutsika ndi kukwera. Makina akakhala miyezi, valavu imatha kukanirira ili yotsegula chifukwa cha dzimbiri kapena zomata za petulo wakale, ndipo nthawi zambiri imamasuka ndi mafuta pang'ono ndi kuigwedeza mofatsa. Mavalavu akakhala bwino, thirani kasupuni ka oyilo m'silinda n'kuyesanso. Chingwe chikalimbako, maring'i atha, ndipo mwina munali mutayamba kale kuona utsi wabuluu.

Patsala mtundu wina wa vuto umene anthu amaunamizira injini. Yalira bwino mfuti ili yofinyidwa, koma mukangosiya kufinya imazima. Pa mutu wa pampu pali valavu yotchedwa unloader. Mfuti ikatseka, iyo imatsegula njira yoti madzi abwerere kumene analowera, injini ipepukidwe. Ikakanirira, madzi amasowa kothawira, pampu imaima, n'kuimitsanso injini. Imafuna kumasulidwa, kutsukidwa, kupakidwa girizi ndi kusinthidwa timphira take. Mosiyana ndi pamenepa, injini ikamafooka pamene mwafinya mfuti, mwina petulo sakukwanira pa ntchito yolemera, mwina kamlomo katseka ndi kamchenga kapena n'kakang'ono kuposa mlingo wa pampuyo, mwinanso wina anamanga unloader mpaka kumapeto pofuna kuti pulesha ichuluke. Injini ya 6.5 HP ili ndi malire ake, ndipo kumanga kachitsulo sikuiwonjezera mphamvu.

Unloader ikamagwira ntchito bwino palinso choti mudziwe. Madzi amene akuzungulira m'mutu wa pampu mfuti ili yotseka amatentha msanga. Mapampu ambiri ali ndi kavalavu kamene kamalavula madzi akafika pafupifupi madigiri 60, ndiye mukaona madzi otentha akutuluka pansi injini itasiyidwa ikulira, si kuti pampu yabooka. Ikukuuzani kuti mwaisiya nthawi yaitali. Mukafuna kupaka sopo kapena kukambirana mtengo ndi kasitomala kupitirira mphindi ziwiri, zimitsani.

Zimenezi zimakhudzanso kasungidwe. Pa jenereta timazolowera kutseka kampopi n'kusiya injini ilire mpaka petulo wa m'kabureta atha. Pa makina otsukira mukhoza kuchita chimodzimodzi, koma madzi akhale otsegula ndipo mfuti ikhale yofinyidwa nthawi yonseyo. Njira yachidule n'kukhetsa kambale pa bawuti la m'mbali lija, ndipo ngati makina akhala kupitirira mwezi, thanki nayo ikhetsedwe. Poweruka tsiku lililonse, zimitsani switchi, tsekani kampopi ka petulo, tsekani madzi, makina aime chilili pamalo ouma. Kenako lozani mfuti pansi, muifinye komaliza mpaka kaphokoso ka tsiii katha ndipo payipi yafewa m'manja.